Laputopu Yamanyazi ndi Lastiki ya Azakhali

Laputopu inazima pamene mkwatibwi ankawerama kuti aone khadi la ukwati wake. Sikirini inangoti bii, chonsecho batire linali lodzaza.

Mtsikana amene anainyamulayo anthu ankamutchula kuti Tsache, chifukwa ntchito yake inali yosesa pashopu yosindikiza makadi. Makolo ake anamwalira ali wamng'ono, mayeso omaliza a sekondale analephera, ndipo ankakhala ndi azakhali ake, telala wa pakhonde. Laputopuyo inali yakale, yolemera ngati njerwa. Mwini shopu anamupatsa m'malo moitaya, ndipo pa iyo anadziphunzitsa kukonza makadi, potengera zimene ankaona akamakolopa kumbuyo kwa mipando ya anzake.

Mwini shopuyo anali atamulonjeza kuti, "Ukadzapeza kasitomala wakowako, n'kukhutira ndi ntchito yako, tsache ulisiya. Ndidzakupatsa tebulo."

Kasitomalayo ndi ameneyu: mkwatibwi ndi mayi ake, pabalaza pawo, magetsi atazima. Tsache anadinanso batani. Laputopu inadzuka mwaulesi. Anainyamula kuti awalozetse, inazimanso.

"Mwanawe, ife nthawi yatithera," anatero mayi a mkwatibwi akuimirira.

Koma mkwatibwi anamuperekeza mpaka pageti. "Ubwerenso Loweruka," anamunong'oneza. "Ndangoona kangodya kokha, koma maluwa aja ndawakonda."

Panjira Tsache sanalire. Anangoti chamumtima, "Ambuye, Loweruka musandisiye ndekha."

Atafika kunyumba anaika laputopu patebulo n'kuilumikiza kumagetsi. Inagwira ntchito bwinobwino. Anazula chaja. Inapitirizabe, ngati kuti sinalakwirepo munthu chibadwire.

"Nanga kuja unandichitiranji zija?" anaifunsa.

Mawa lake anayamba kufufuza. Wometa tsitsi woyandikana nawo anamubwereka kaburashi kotsukira makina ake, ndipo Tsache anachotsa fumbi lonse m'timabowo totulukira mpweya. Anachepetsa kuwala kwa sikirini. Anadikira batire lithereretu, n'kulitchajanso mpaka kudzaza. Pogwira ntchito payekha zonse zinkayenda. Koma atanyamula laputopu kuti aonetse anzake a kushopu, bii.

Anzakewo anafa nacho chiseko. "Laputopu yakoyi ndi yamanyazi ngati mwini wake. Ikangoona anthu imabisa nkhope!"

Anapita nayo kwa wokonza makompyuta wa kuseri kwa msika. Bamboyo anaiyika pabenchi pake, anaiyatsa popanda chaja, n'kumathandiza anthu ena. Iyo ili gwa, osaphethira n'komwe.

"Mlongo wanga, batire ndi lokalamba koma mphamvu likusunga," anatero. "Mwina imangodana ndi maukwati."

Sanamulipiritse. Pomupatsira anawonjezera kuti, "Ikadzazimanso, usayang'ane sikirini. Udzakumbukire chimene umachita iweyo."

Lachisanu masana, Tsache anakhala pakhonde pafupi ndi makina osokera a azakhali ake, laputopu ili pakabenchi, nkhope ili khuma.

"Tandionetsa khadi lakolo," anatero azakhali, ulusi uli pakamwa. "Inenso ndione chimene ukuonderachi."

Tsache anachita mwa chizolowezi chake. Iye sankafuna kuti munthu wamkulu adzuke kapena kupinda khosi, choncho nthawi zonse ankanyamula laputopu n'kuifikitsa kumaso kwa woonayo. Atangoikweza, inazima.

"Mwaona, azakhali? Ngakhale inu ikukuchitirani manyazi."

"Ine? Ndi duku lakuthali? Indiopa chiyani?"

Tsache anafuna kuseka, koma mawu a wokonza makompyuta aja anamubwerera. Anayang'ana manja ake. Anaika laputopu pabenchi, anaiyatsa, anaitembenuza mokwekwereza osainyamula. Sinazime. Anaikweza m'mwamba. Bii.

Anaitseka n'kuigadabuza. Batire linkagwedera ngati dzino la mwana. Kapulasitiki kolikola kanali kothyoka. Laputopu ikakhala pansi, kulemera kwake kunkapanikiza batire pamalo pake. Ikakhala pachaja, kugwederako sikunkaoneka. Koma ikanyamulidwa, batire linkatsetsereka pang'ono chabe, moto n'kuduka.

"Azakhali! Si manyazi ayi! Ndi batire likuvuka!"

Anakuwa mpaka wometa uja anasuzumira, kasitomala wake atametedwa mbali imodzi.

Kapulasitiki ka laputopu yakale chonchi sikakanapezeka tsiku lomwelo. Azakhali anagwedeza batirelo ndi chala, n'kulavula ulusi.

"Siketi ikamavuka sitigula chiuno china. Timaika lastiki."

Anatenga tepi yawo n'kuyeza laputopu monga amayezera makasitomala. "Chiuno chake n'chachikulu kuposa chako. Uzidya, mwana iwe." M'thumba la zigamba munatsala lastiki yotambalala yapinki yokha. Anaisoka ngati lamba, n'kuikoleka kuzungulira pansi pa sikirini, yomanga batire nganganga. Tsache anainyamula laputopu, anazungulira nayo pakhonde, anavina nayo. Sikirini ili ngwee. Azakhali anapitiriza kupalasa makina awo akuimba nyimbo yoyamika chapansipansi.

Loweruka, pabalaza paja, Tsache anapuma mozama, ananyamula laputopu n'kuifikitsa kumaso kwa mayi a mkwatibwi. Mayiwo anavala magalasi. Anawerenga dzina la mwana wawo, anawerenga la mkamwini, anakhudza maluwa aja pasikirini ndi chala. Kenako anasuzumira pansi.

"Kodi makina akowa avala lastiki?"

"Eya, mayi. Kuti asachitenso manyazi pagulu."

Mayiwo anaseka mpaka kuvula magalasi kuti apukute misozi. "Usindikize. Ndipo pulogalamu ya kutchalitchi upangenso iweyo."

Lolemba m'mawa Tsache anafika kushopu n'kugwira tsache monga mwa masiku onse. Mwini shopu anamulanda, analiimika pakona, ndipo anapukuta yekha tebulo la pawindo ndi mpango wake. Kenako anamukokera mpando.

Lero Tsache ndi amene akwatibwi amamufunsa akalowa m'shopumo. Wokonza makompyuta uja anadzamupezera kapulasitiki kena, koma lastiki yapinki sanaichotse. Dzina lija nalonso sanalikane. Ndipo akamaonetsa munthu ntchito, amanyamulabe laputopu n'kumufikitsira kumaso.

Mwina inunso chinthu chimene mumadalira chinazima pamaso pa anthu, iwo n'kuseka. Kuzima si kufa ayi. Chiikeni pansi, pempherani, muone pamene chikugwedera. Musanyoze kaburashi ka mnansi, kapena lastiki ya m'thumba la zigamba, pakuti nthawi zambiri Mulungu amatumiza thandizo litavala choncho. Mtima usagwe, m'bale wanga. Dinaninso batani.