Ndinakonza kaleira, mgolo wa a Dona Lusiya unauma

Loweruka lapitali ndinakwera padenga. Musaseke. Munthu wa imvi, mimba ili patsogolo, makwerero obwereka akunjenjemera, mayi a kunyumba ali pansi akukuwa kuti, "Bambo a Tereza, mukagwa ine sindikunyamulani!"

Chinandikweza ndi kaleira, ngalande ya lata ija yolandira madzi m'mphepete mwa denga. Kuno ku Lulimile mitengo ya paini ndi bulugamu sitopa kuyoyola masamba, ndiye yathu inatsekeka chaka chatha. Madzi analeka kulowa mu tubu, paipi yotsitsira madzi pansi, ankangosefukira pangodya ya kumbuyo n'kumakhuthukira kuseri kwa mpanda. Ine ndinkangoti mawa, mawa, mpaka dzinja lonse linatha.

Zimene ndinafukulamo, abale! Masamba owola asanduka manyowa, mpira wansanza, phwetekere atamera mpaka kuchita maluwa, ndi buluzi wouma. Ndinakokolola ndi manja, ndinatsuka, ndinamanga waya pomwe lata linalendewera. Lolemba mvula itagwa, madzi onse anatsata tubu, phwaa, ulendo wa kumsewu. Ndinaima pakhonde ndikudzitama ndekha.

Lachinayi pochokera ku ntchito ndinakumana ndi a Dona Lusiya, omwe nyumba yawo ili kuseri kwa mpanda uja. Ndi mayi wachikulire, bondo linayamba kale kuwavuta. Amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi, sadzuka, moti zofunda zimafuna kuchapa tsiku ndi tsiku. Ndinawapeza akukwera chitunda chochokera kumpopi, bidau, chigubu cha madzi, lili pamutu, akutsimphina.

"Amayi, mvula yonseyi mukutungabe kumpopi?"

"Mwakonza bwino denga lanu, bambo a Tereza," anatero. "Lakongola."

Ndinawalandira bidau lija n'kuwaperekeza. Titalowa pabwalo pawo ndinaona mgolo waukulu utakhala pa njerwa, wagundana ndi mpanda, pansi penipeni pa ngodya ya denga langa. Unali wouma gwa. Pambali pake panali mulu wa mabulangete osachapa.

Apo m'pamene mutu unatseguka. Nyumba yawo ndi yaudzu, madzi ake amatsika ofiira, sungachapire. Dzinja lonse lathali mayiwa ankadzaza mgolo ndi madzi osefukira pa kaleira yanga yotsekeka. Ine pokonza ndinawatsekera chitsime.

Manyazi anandigwira, ndipo monga mwa chizolowezi cha ife a m'maofesi, ndinayamba kuphunzitsa. Ndinati madzi aja anali oipa, munali buluzi wakufa, akanadwala nawo.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Mukundiyesa mwana? Akumwa ndimatunga kumpopi, bidau limodzi limakwana. Awa anali ochapira. Buluzi wanuyo bulangete silimudziwa."

"Nanga osandiuza bwanji, amayi?"

"Ndikuuzeni kuti chiyani? Kuti musakonze nyumba yanu? Ine ndinapempha mokwanira kumsasa ku Malawi nthawi ya nkhondo. Ufa kupempha, mchere kupempha. Nditabwerako ndinati basi. Madzi otayika sapemphedwa, umangotchera."

Kuyambira Lolemba, mayi ameneyu wakhala akutsika ndi kukwera chitunda chija kanayi pa tsiku, mvula ikuwanyowetsa, madzi a padenga panga akuthamangira kumsewu kukakumba zigwembe. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

Musandimve molakwa. Kaleira iyenera kutsukidwa mvula isanayambe. Ikatsekeka imachita dzimbiri, imanyowetsa khoma, imaswetsa udzudzu. Kwerani ndithu, wina akugwirireni makwerero. Kulakwa kwanga sikunali kukonza. Ndinali pamwamba pomwe, mabwalo onse a anzanga akuoneka, koma maso anga sanadutse mpanda. Safunsa anadya phula.

Ndipo si ine ndekha. Tayendani m'bairo, m'dera lathu lino, mvula ikugwa. Nyumba za malata zikulavula madzi kumsewu, matubu onse aloza kunja ngati madziwo ndi mdani. Mvula ikangokata, amayi ali pamzere kumpopi ndi zidebe. Timamanga mpanda wa njerwa pomwe anthu ankadutsa popita kuchigayo. Timadula mtengo womwe mnzathu ankagulitsira nthochi pamthunzi pake. Zonsezo ndi zathu, palibe angatiimbe mlandu. Koma amene ankadalira zimenezo nthawi zambiri ndi uja sangabwere kudzagogoda. Amangokuuzani kuti mwakonza bwino.

Lachisanu ndinapempha kuweruka msanga. Ndinadula tubu ija ndi sowo, ndinalumikiza chigongono cha paipi ndi chidutswa china, ndinaboola mpanda n'kulozetsa kukamwa kwake pa mgolo. Kumapeto ndinamangako kansalu ka neti yakale kuti masamba asalowe. Ntchito yonse sinakwane ola limodzi.

A Dona Lusiya sanathokoze, ndipo sindinayembekezere. Anangosuntha mgolo pang'ono, n'kunena kuti, "Mwakhotetsa, koma alowa." Mkati amuna awo anaitana, iwo n'kulowa.

Ola limodzi lokha. Iwo anakwera chitunda masiku anayi, bambo aja atagona pa zofunda zonyowa.

Inu amene mwabwereka makwerero sabata ino, musanatsike tayang'anani kuseri kwa mpanda. Madzi a padenga panu amagwera kwa yani?