Mkazi wa Lipenga

Amayi atayamba kudwala maso anapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo chinandizunguliritsa Lusaka yense ngati wamisala. Ankafuna kuoneranso filimu ya chimwenye imene ankaonera ku kanema m'tauni ndi malemu bambo anga ali pa chibwenzi. Adokotala anali atandiuza pambali kuti diso lamanzere latha, lamanja nalonso silifika nyengo ya mvula. Ndiye nthawi ndinalibe.

"Dzina lake n'chiyani, amayi?" ndinafunsa.

"Chimwenye ndingachidziwe bwanji ine? Ija yoyamba ndi mkazi woliza lipenga. Amapindika msana chonchi, lipenga lalitali kuloza kumwamba."

Basi, zonse zimene ndinali nazo zinali zomwezo.

Ine ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pa msika wa Mtendere. Sabata imeneyo benchi ndinasiyira mnzanga, n'kumangokwera ndi kutsika maminibasi. Ku Kalingalinga anapukusa mitu. Ku Chawama, bambo wina woika mafilimu m'mafoni sanadzutse n'komwe maso.

"Ba sisi, ivo ni vinthu va kudala. Ngati mufuna lipenga, yendani ku chechi."

Ndinatsala pang'ono kumutukwana. Sindinkapeza tulo, ndipo m'mawa uliwonse amayi ankafunsa ngati ndaipeza, akuyang'ana pambali pang'ono pa nkhope yanga.

Ku Matero anandilozera kwa mdala wina amene kale ankaonetsa mavidiyo m'kashedi kuseri kwa nyumba yake. Matepi anali akadali nawo, m'makatoni a sopo. Nditafotokoza, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, uja mukazi si wa mu nkhani iyayi. Ni chidindo cha kampani. Filimu iliyonse yamene banapanga iyamba na yeve. Nili nayo sikisi pano. Mufuna iti?"

Kwathu tonse tinakula tikudziwa kuti mkazi wa lipenga ndiye mwini nkhani. Amayi ankatiuza kuti akuitana mwamuna wake amene anapita kutali kukagwira ntchito, monga anachitira agogo pochoka ku Malawi. Kani chinali chizindikiro chabe, ngati chithunzi cha pa thumba la ufa!

Mdalayo anandibwereka matepi onse asanu ndi imodzi, ndi makina ake omwe atawakulunga m'chitenje. Ndinawafungatira pamiyendo ulendo wonse. Nanga ndikaika yolakwika? Nanga ikakhala kuti yawoyo mulibemo?

Loweruka masana magetsi atabwera, ndinakokera mpando wa amayi pafupi ndi tivi mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Tepi ndinangosankha yomwe dzanja linakhudza. Chithunzi chinanjenjemera, kenako mkazi uja anaoneka, msana wopindika, lipenga likulira mosasa mawu.

"Ndi yomweyi," anatero amayi.

Lipenga litatha, zilembo za Chimwenye zinayamba kukwera, koma iwo anali atatembenukira kukhomo.

"Bwezera."

Ndinabwezera. Lipenga linatha, iwo n'kutembenukiranso kukhomo. Kachitatu mtima unandipsa.

"Amayi, filimu ili kutsogolo kuno! Ndazungulira makomboni onse ine, inu n'kumayang'ana kukhomo?"

Sanakwiye. Anayankha nkhope ili komweko.

"Bambo ako Loweruka ankaweruka mochedwa ku fakitale. Ndinkalowa ndekha, n'kuwasungira mpando. Lipenga likangotha ankatulukira pakhomo, ali wefuwefu, chipewa kumanja. Sanaphonyepo. Nkhani yake sindinaitsatepo ine."

Manyazi anandigwira, ndipo ndinawasowa bambo kuposa tsiku la maliro awo. Ndinabwezeranso tepi. Lipenga linalira, linatha.

"Tatsegula chitseko, mwanawe," anatero amayi. "Pakhomopo pachita mdima."

Chitseko chinali chotsegula kale, dzuwa lili phwee pabwalo.