Mfuti ya Malume Timothy

Bambo Ambrose Kachingwe anafika ku Nairobi mu 1991, atalembedwa ntchito ya ukalipentala pa mishoni ina ya Akatolika. Anali munthu wamfupi, wa manja okakala ngati khungwa, ndipo mkwiyo wawo sunkachedwa kuwira. Ankakhala ku Umoja ndi akazi awo, Mayi Modesta, m'kanyumba momwe utuchi unkapezeka ngakhale mu shuga.

Mu mzinda wonsewo anali ndi mbale mmodzi yekha: malume awo, a Timothy, nkhalamba yokhala m'kachipinda ka lendi ku Pangani. A Timothy anachoka ku Zomba ali mnyamata, nalowa usilikali wa Keyala, gulu lankhondo la Angerezi, nakamenya nkhondo ku Burma. Nkhondo itatha anatsalira ku Kenya, kumanyamulira mfuti azungu osaka nyama. Boma litaletsa usaki, mabwana awo anatseka kampani n'kuwatsanzika ndi mphatso imodzi: mfuti yakale yausilikali, ya .303, imodzi mwa zomwe kampaniyo inagula kwa asilikali zitatha ntchito.

Nkhani imeneyi a Ambrose sankaifotokoza ali chikhalire. Ankadzuka.

"Taganizani! Munthu wakusenzera katundu mpaka msana kupindika, iwe n'kumupatsa mfuti tsiku lomwe kusaka kwaletsedwa. Si chimodzimodzi kupatsa munthu bwato nyanja itauma?"

A Timothy anamwalira mu 1995. Pa maliro panabwera anthu ochepa, Amalawi a ku tchalitchi ndi mayi wina wogulitsa mandazi yemwe ankawapatsa tiyi. Mzungu sanaonekepo ndi mmodzi yemwe. Mfuti ija inagwera a Ambrose monga mwana wa mlongo wawo. Sinali kunyumba ayi, inkasungidwa mwalamulo m'sitolo ina ya mfuti m'tauni, ndipo panatenga nthawi yaitali a Ambrose akupondaponda m'maofesi kuti iwerengedwe m'dzina lawo.

Tsiku lomwe mwini sitolo anaitulutsa, a Ambrose anangoti kukamwa yasa. Mpope wake unali psuu ndi dzimbiri. Mtengo wake, umene unkakuta mfutiyo mpaka kukamwa, unali utang'aluka, ndipo mwina munali mutafumbwa. Kulemera kwake ngati mpini wa chigayo.

Koma iwo anali ataganiza kale. Kumudzi, m'mphepete mwa phiri la Malosa, mlongo wawo Getrude ankadandaula chaka ndi chaka kuti nguluwe zikumuthera chinangwa. Mfuti imeneyi, iwo anatero, ipita kwawo ikagwire ntchito. Ya nkhondo yatha, tsopano ikhale ya mlenje: yopepuka, yoti munthu n'kuyenda nayo m'phiri tsiku lonse.

Zachitsulo anazisiya m'manja mwa mmisiri wa mfuti wa m'sitolomo, amene anachotsa dzimbiri n'kutsimikiza kuti mfutiyo ikadali yamoyo. Zamatabwa zinali zawo. Anachotsa mitengo yonse yakale n'kupita nayo ku Umoja m'thumba, atakwera matatu, minibasi ya kumeneko. Anagula chidutswa cha mvule, mtengo wolimba wa kumeneko, ndipo madzulo aliwonse akaweruka ankakhala pakhonde kusema, kupala, kuyeza paphewa, kupalanso. Loweruka ankapita nacho kusitolo kukachiyeza pa chitsulo chenichenicho.

"Abambo a kunyumba kuno," ankatero Mayi Modesta, "mpando wanga uwu unathyoka mwendo chaka chatha. Kapena nawonso ndiutche mfuti kuti muuone?"

Loweruka lina mu 1999, ntchito itatsala pang'ono kutha, m'sitolo muja munalowa mzungu wina wa ku Runda, dera la anthu olemera mu Nairobi, wogwira ntchito ku bungwe lina lalikulu. Ankatolera mfuti zakale n'kumazipachika pakhoma kunyumba kwake. Ataona mfuti ya a Ambrose pa tebulo, anaitembenuza, nawerenga zilembo za pa chitsulo, nkhope yake n'kufiira.

"Wachita izi ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Ndine," anayankha a Ambrose.

"Mukudziwa chomwe mwawononga? Iyi ndi mbiri! Mfuti za mtundu uwu zinamenya nkhondo yaikulu. Mwaidula ngati nkhuni. Anthu ena sayenera kusungitsidwa zinthu zoterezi."

A Ambrose anaika pansi sandipepala pang'onopang'ono. Mwini sitolo, yemwe ankawadziwa, anayamba kusuntha zinthu zosweka.

"Mbiri," anatero a Ambrose. "Mukulira thabwa lofumbwa. Munthu amene anasenza mfuti ngati iyi m'matope a ku Burma anafera ku Pangani m'chipinda chodontha, akumwa tiyi wopemphetsa. Bokosi lake ndinakhoma ndine, ndi matabwa otsala ku mishoni. Inu okonda mbiri munali kuti? Kapena iyeyo sakanakwana pakhoma lanu?"

Mzungu uja anati sanatanthauze zimenezo. Kenako, pofuna kukonza zinthu, anaziwonongeratu: anapempha kuti amugulitse mitengo yakale ija, kuti mwina n'kuipulumutsa.

A Ambrose anangotuluka m'sitolomo. Mu matatu monse ankayankhula okha, mpaka kondakitala anawapepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, mzee." Atafika kunyumba anafunsa thumba lija, ati akufuna alibise poti wina asalione n'komwe.

Mayi Modesta anawayang'ana modabwa. "Zimitengo zofumbwa zija? Ndinaphikira nyemba kalekale, makala atatithera."

A Ambrose anaseka mpaka misozi, kuseka kwa munthu yemwe mkwiyo wake wasowa poponda. Koma mawa lake anadzuka ali okwiya ndithu, ndipo pambuyo pa Misa anafotokozera Amalawi anzawo nkhani yonse, akubwereza mawu aja akuti "anthu ena" katatu konse.

Chilolezo chotulutsira mfutiyo m'dzikomo ndi cholowetsera kwawo zinawadyera zaka zina zambiri. Ofesi iyi inkawatumiza ku ofesi iyo, ndipo kulikonse ankawayang'ana ngati chigawenga, munthu wa imvi wovala korona m'khosi. Sanagonje. Anapuma ntchito mu 2006, ndipo mfutiyo inawatsatira miyezi ingapo pambuyo pake, ili m'bokosi lokhoma okha.

Ku Malosa anapha nguluwe imodzi, yaikulu, imene mudzi wonse unadya. Chaka chotsatira maso anayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina anatsala pang'ono kuwombera mbuzi ya aneba ataiyesa chilombo, ndipo Mayi Modesta anawalanda zipolopolo n'kukazipereka kupolisi okha. A Ambrose anakalipa sabata yathunthu, osadya ndiwo zophika mayiwo, mpaka njala inawagonjetsa.