Kabokosi ka m'pikapu ya a Jere

Ntchito yanga yoyamba ya pagalaja ndinaipeza chifukwa cha wailesi. Ndinkakonza mawailesi pakhonde la golosale ku Mayani, ndiye tsiku lina a Saidi, eni galaja ina pa Dedza boma, anabweretsa yawo. Ataona ndikuyeza ndi mita anandifunsa ngati ndingathe mawaya a galimoto. Ndinavomera, chonsecho ndinali ndisanatsegulepo boneti. Galimoto zopanda kabyuleta zinali zitangoyamba kufika, ndipo amakaniko akale ankaziopa.

Zinali zaka za matipate, munthu usanalankhule unkayamba wacheuka. Ine anthu ankandikayikira kale, eti wodziwa mawailesi salephera kutchera kachipangizo komvetsera anthu.

Nditatha miyezi itatu kunabwera a Jere, mlimi wa mbatata wa ku Kaphuka amene ankafuna kuimira chipani chawo pachisankho. Pikapu yawo yogula ku Joni inkafuka utsi wakuda, kumwa petulo ngati thanki yabooka, mapulagi ali bii. Nditalowa pansi ndinapeza sensa, kachitsulo konunkhiza utsi pa ekizozi, mawaya ake asanu ali lende. Pansi pa dashibodi, pafupi ndi kompyuta ya injini, panali zomangira kabokosi kamene kamamasulira zimene sensayo yamva, koma kabokosiko kunalibe.

Dalaivala wawo Lufeyo, amenenso anali mlamu wawo, anandinong'oneza kuti bwana anakadula okha ndi mpeni. Zokambirana za m'galimotomo zinkamveka kwa a chipani china, ndiye anagamula kuti kabokosiko ndi kamene kakutumiza mawu.

Nditanena kuti popanda kabokosiko kompyuta ikungothira petulo mwachimbulimbuli, a Jere anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe si uja wa mawailesi? Wakutuma ndani?"

Zinandipweteka, komanso mantha anandigwira. A Saidi anandikokera kuseri n'kundiuza mosapsatira kuti ikangomveka mbiri yoti pagalaja pawo pali kazitape, ndinyamule mita yanga ndibwerere ku Mayani. Nawonso maso awo sankandikhulupirira kwenikweni.

Ndinapempha kuti ndilumikize kabokosiko eni ake akuona. A Jere anakatulutsa m'thumba la fetereza, atakakulunga m'chitenje kuti kasamve. Ndinamasula waya wa batire, n'kusenda mawaya asanu aja, kuwalumikiza mtundu ndi mtundu, kufinya ndi pulayala. Sindinawotcherere ndi mtovu, chifukwa sensa imapumira m'mawaya momwemo. Pa mawaya ena atatu a kabokosi, wofiira ndinaupititsa ku kiyi kudzera pa fyuzi, wakuda ku chitsulo cha injini, wotsalawo ku phini ya kompyuta. Waya uliwonse a Jere ankafunsa kumene ukupita, n'kuulondola ndi chala mpaka pothera. Ine thukuta kamukamu, kuzizira konse kwa Dedza kuja.

Injini itatentha ndinagunditsa mita pa waya wopita ku kompyuta. Nditaponda moto singano inasuntha, nditasiya inabwerera pamalo. Kenako ndinawapempha a Jere kuti alankhule chilichonse pakabokosipo. Anawerama n'kutukwana mdani wawo mokweza, mpaka amayi ogulitsa kabichi kumsewu anacheuka. Singano osagwedezeka n'komwe. Anabwerezanso, akutchulanso ndi amake, singano ili du. A Saidi anaseka koyamba tsiku limenelo, nawo utsi unali utayamba kuyera.

Ine ndinkadikira zikomo. Koma a Jere anangoyang'anitsitsa singano ija, kenako anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ngati si kabokosi, m'galimoto muno timakhalamo awiri."

Lufeyo anayamba kulumbira, kutchula ana ake mmodzimmodzi. A Jere anangomuuza kuti achotse jekete lake pampando, n'kukhala okha pachiwongolero. Ndinamuona Lufeyo akutsetsereka wapansi kulowera kudepoti, jekete lili paphewa, osacheuka. Kaya ankaululadi kaya ayi, mpaka lero sindidziwa, ndipo zimandisowetsabe mtendere.

Pagalajapo ndinakhalapo zaka zambiri. Mwini galimoto aliyense ndimamuonetsa mita, kuti asandiganizire zina. Koma akabwera ndi nkhani yoti wina wake akumuchita chipongwe, amene wabwera nayeyo ndimayamba ndamutuma kokagula tepi, mita ndimaitulutsa tili awiriwiri. Tsiku lija ndinathamangira kudziyeretsa ndekha, osafunsa kuti chikayikocho chikachoka pa ine chikagwera yani.