Nyimbo Yoitana a Genzo

Tsiku lililonse akatha kudya masana, a Genzo Kuramochi ankavala chipewa chawo chotuwa n'kutsikira kumtsinje kukaona abakha. Moyo wawo wonse anali wosoka mphasa za tatami, koma ukalamba utafika, mutu unayamba kutaya zinthu. Dzina la mwana wawo linawathawa. Njira yakwawo nayonso inkawasokonekera, kupatula nthawi imodzi yokha. Madzulo, zokuzira mawu za mumzinda wa Tsuruhata zikaliza nyimbo youza ana kuti azibwerera kwawo, miyendo ya a Genzo inkatembenuka yokha. Akazi awo, a Tomie, akangoimva ankateleka supu ya miso, yopangidwa ndi soya, ndipo isanawire chitseko chinkatseguka.

Kenaka Tsuruhata anamezedwa ndi mzinda waukulu woyandikana nawo, wa Okanobe. Anthu ankadandaula za ofesi ya mzinda imene inasamukira kutali. Za nyimbo palibe anaganizako.

Madzulo oyamba inalira ina, ya ku Okanobe, yothamanga. A Tomie anangoima, chipande chili m'manja. Supu inawira mpaka kuyamba kuphwera, chitseko chili duu. Panja kunali chisanu cholowa m'mafupa, ndipo mtsinje unali utadzaza ndi mvula ya dzana.

Anathamangira kwa a Sueko, anzawo ogulitsa tofu, chakudya cha soya, pakhonde.

"Madala anuwo apeza kamtsikana ka ku Okanobe, si tonse ndife a m'tauni tsopano?" anatero a Sueko, koma uku akuvala nsapato mwachangu.

A Tomie anaimba foni ku ofesi ya ku Okanobe. Mnyamata amene anayankha anali waulemu, koma mlatho wa ku Tsuruhata umene ankamuuza kuti akafufuzeko sankaudziwa. Posakhalitsa zokuzira mawu zinalengeza za bambo wokalamba wa chipewa chotuwa. A Tomie atamva amuna awo akutchulidwa ngati katundu wotayika, anathamangira kumtsinje pamodzi ndi a Sueko.

Anatsata gombe akuitana. Chakuda chilichonse choyandama pamadzi chinkaoneka ngati chipewa, ndipo a Tomie ankaopa kuchiyang'ana kawiri. Abakha okha ndiwo ankayankha.

A Genzo anakawapeza kukuda, pamasitepe a ofesi yakale ya mzinda, yokhoma, chikwangwani chitazulidwa. Anali atakhala tsonga pansi pa chokuzira mawu, atakweza nkhope, milomo ikunjenjemera.

"Abambo, tiyeni kunyumba. Supu ikuzizira."

"Ukufulumira chiyani, mayi iwe? Sinalire."

Atawagwira mkono, a Genzo anaukoka n'kuwayang'ana ngati mlendo. Manja awo anali zii ngati mwala. A Sueko anawanyengerera, anawakalipira, koma munthu osasuntha.

A Tomie anali asanaimbepo pamaso pa anthu, ngakhale paukwati wawo. Anayamba nyimbo yakale ija, mawu pena akuduka. A Genzo anapendeketsa mutu. Anadzuka, anasasa thalauza, n'kutsogola njira yonse osaphonya khwalala.

Koma chisanu chinali chitalowa kale m'chifuwa. Anawagoneka m'chipatala chachikulu cha ku Okanobe, pansanjika yapamwamba, pomwe Tsuruhata samaoneka n'komwe. A Tomie ankakhala pambali pa bedi, akuyang'anitsitsa bulangete ngati likukwera ndi kutsika.

Madzulo ena dzuwa litapendeka, a Genzo anatsegula maso, nafufuza chipewa ndi dzanja.

"Mayi, tatsegula zeneralo," anatero. "Ingalire ine osaimva."