Vavu ya Che Saidi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha maso a Che Saidi. Iwo anali pulambala pa loji ina ya ku Senga Bay, kumene azakhali anga ankachapa zofunda za alendo. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, moti manambala a pa mita ya madzi sankawaonanso. Tchuthi cha Fomu 2 chitayamba, azakhali anawauza kuti mchimwene wawo ali ndi mwana wamkazi wokonda kulemba, koma wosayankhulayankhula. Che Saidi anati, "Ameneyo ndiye ndikufuna. Oyankhula ndili nawo kale."

Chinali chaka chachiwiri chiyambireni zipani zambiri. Pa wailesi ankati aliyense tsopano atha kunena zakukhosi, koma kwathu mayi anali asanazolowere. Kope langa lolembamo za tsiku ndi tsiku linkawaopsa. "Mapepala anapititsa anthu kosabwerera," ankatero. Pondiperekeza kokwerera minibasi anandiuza kuti, "Esinala, ukaone ndi maso. Pakamwa ukatseke."

Pa lojipo panali madzi a mitundu iwiri. Akumwa ankachokera m'paipi ya boma yodutsa m'mbali mwa msewu, yomwe inkapitirira mpaka pa mpopi wa m'mudzi wa kuseri kwa mpanda, pamene ine ndi azakhali tinkatunga. Othirira kapinga ndi maluwa tinkapopa m'nyanja. Madzi awiriwa sankayenera kukumana. Koma pampu ya kunyanja inali yokalamba ndipo sinkakoka ikakhala youma. Tinkayamba taimwetsa: kulumikiza hozi kuchokera pa mpopi wa madzi akumwa, kudzaza pampu, kenako kuiliza. Kumanga hoziyo ndi malegeni kunali kotopetsa, choncho tinkangoisiya yolumikiza, mpopi uli chitsegukire. Pampu ikalira inkakankha mwamphamvu kuposa madzi a boma, ndipo madzi a m'nyanja ankakwera m'hozimo kulowa m'mapaipi a loji.

Chowaletsa kuti asatulukire m'paipi ya kumsewu chinali chimodzi: vavu yamkuwa yokhala pafupi ndi mita, yokhala ndi muvi pambali pake. Che Saidi anandifotokozera tsiku loyamba. "Ili ngati mono, mwanangu. Nsomba imalowa, koma siituluka." Mkati mwake munali kachitseko kokhala ndi labala. Labala wakeyo anali atatha kalekale, ndiye iwo ankadula wina pa chubu chakale cha galimoto, n'kumukwecha ndi mpeni mpaka akwane. Ine ndinkawagwirira sipanala yaikulu ya bobojani ndi kukulunga tepi yoyera m'mazinga a paipi. Kawiri konse ndinawamva akupempha a manijala vavu yatsopano ya ku Lilongwe. Kawiri konse anayankhidwa kuti, "Mudikire kaye, mdala. Ikugwirabe ntchito." Zonsezi ndinkalemba m'kope langa, monga ndinkalembera za mvula ndi za anyani obera alendo nthochi.

Ntchito yanga yeniyeni inali kuwerenga mita m'mawa ndi masana. Lachiwiri lina, tsiku lothirira, ndinaona kasingano ka pa mita kakuyenda chobwerera m'mbuyo. Pang'onopang'ono, koma kakubwerera. Ndinapukuta galasi ndi siketi, n'kuyang'ananso. Lachisanu kanateronso. Kunyumba, pansi pa ndowa ya azakhali panayamba kudikha mchenga, ndipo madzi ankanunkha ndere. Ndinalemba kuti, "Lero kasingano kabwereranso. Kaya ndi maso anga." Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze Che Saidi, koma ndikawaona akudula labala wawo mosamala chotero, ndinkaona ngati ndiwanyoza. Ndine yani ine, wa masiku khumi pa ntchito? Ndinakhala chete sabata zitatu.

M'sabata yachitatuyo ana a nyumba yoyandikana ndi ya azakhali anayamba kutsekula m'mimba. Wamng'ono anagonekedwa kuchipatala. Amayi a m'mudzimo sanachite ngati ine. Anatunga madzi m'botolo n'kupita nawo ku ofesi ya zamadzi ku Salima.

Woyendera wa ku ofesiyo anabwera Lachisanu m'mawa pa njinga yamoto, bambo wamfupi wosaseka. Anapita molunjika pa mita. Anatseka vavu yaikulu ya kumsewu, kuti madzi a boma asalowe. Kenako anamasula kachitsekerero kakang'ono ka pakati pa mita ndi vavu yathu yamkuwa ija, n'kuitanitsa tambula ya ku bala. "Lizani pampu," anatero. "Ngati vavu ili bwino, muno simugwa ngakhale dontho."

Pampu inalira. Kwa kanthawi sikunatuluke kanthu, ndipo ndinayamba kupuma. Kenako madzi anadontha, anachucha, mpaka tambula inadzaza. Woyendera anaikweza padzuwa. Mchenga unali kuzungulira mkati.

Anauza Che Saidi kuti atsegule vavuyo. Bobojani inaterereka kawiri. Labala wa chubu uja anali atapindika ngati tsamba louma, ndipo pakamwa pa kachitseko panali patakakamira kachigoba ka nkhono. Woyendera anamanga waya pa vavu ya kumsewu n'kudindapo chidindo. Loji sidzalandira madzi mpaka vavu yatsopano itaikidwa ndi kuyesedwanso.

Apa m'pamene a manijala anatembenukira kwa Che Saidi, pamaso pa ophika ndi ochapa onse. "Mdala, mwandichititsa manyazi. Chubu cha galimoto? Bwanji simunandiuze kuti vavu yatha? Tengani zanu, muzipita."

Che Saidi anavula kofia. "Bwana, Wallahi, ndinanena."

"Liti? Mboni yanu ndani?"

Azakhali anayang'ana pansi. Che Saidi anali atagwira ntchito pamenepo chiyambire ine ndisanabadwe, ndipo ndi maso amenewo panalibe kwina kumene akanawalemba ntchito. Anayamba kutolera masipanala awo mmodzimmodzi, akuwafufuza ndi manja m'kapinga. Kope langa linali m'jumbo limene ndinkanyamuliramo chimanga chokazinga. Mawu a mayi ankandilira m'makutu.

"Ananena," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri moti woyendera anafunsa kuti wayankhula ndani.

Ndinatsegula kope n'kuwerenga masiku awiri aja, ndi yankho la a manijala monga analinenera. A manijala anaseka pang'ono. "Zolemba za mwana wasukulu izi." Koma woyendera anatambasula dzanja, ndipo ndinamupatsa kopelo. Sindinaganize kuti atembenuza masamba ena. Anawerenga za anyani, anawerenga za mvula, kenako anaima. Ndinadziwa pamene waima.

"Kasingano kabwereranso," anawerenga mokweza. Anabwerera m'mbuyo akuwerenga masiku ndi chala. "Sabata zitatu. Unauza ndani, mwana iwe?"

"Palibe."

Ananditsekera kope n'kundibwezera. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. "Kope silimwa madzi," anatero. "Amamwa ndi anthu."

M'lipoti lake analemba kuti pulambala anapempha vavu kawiri, ndipo anawerengera a manijala mzere umenewo asanasaine. Za kuchotsedwa kwa Che Saidi sizinamvekenso. M'mawa mwake a manijala anakwera minibasi ya ku Lilongwe kukagula vavu. Masiku asanu otsatira tinkasenza madzi a alendo pamutu kuchokera pa mjigo wa kusukulu, ophika akudandaula kuti makosi awathyokera chifukwa cha kamlembi ka Che Saidi. Hozi ija tinaidula, pampu tinayamba kuimwetsa ndi ndowa. Woyendera atabweranso, tambula inakhala youma.

Koma Che Saidi sanandiyankhule masiku awiri. Ankangotambasula dzanja, ine n'kuikamo sipanala. Tsiku lachitatu, tikumanga vavu yatsopano, anandiuza kuti ndigwire muvi ndi chala ndione kumene ukuloza. Kenako anati, osandiyang'ana, "Ntchito wandisungira, mwanangu, Mulungu akudalitse. Koma tsiku loyamba lija ukanandiuza, bwenzi titangomasula hozi. Kulakwa ndi kwanganso. Ndinabwereka maso ako, n'kuiwala kubwereka pakamwa."

Mwana uja anatuluka m'chipatala ataonda, mutu wokha kukula. Mayi ake ankandipatsa moni pa mpopi mwansangala, chifukwa anamva kuti ndine amene ndinanena zoona pa loji. Za sabata zitatu zija sanamve. Moni wawo unkandilemera kuposa ndowa, ndipo ndinabwerera kusukulu ndisanawauze. Tchuthi chotsatira a manijala anauza azakhali kuti safunanso wowerenga mita.

Ndikulembabe m'kope, ndipo manyazi sanandithere. M'kalasi ndikaimirira mawu amandithawabe. Chimene chinasintha n'chakuti ndikalemba chinthu chimene ndaona kuti sichili bwino, pansi pake ndimalemba funso la woyendera uja: "Unauza ndani?" Ndimasiya mpata woti mulowe dzina la munthu. Mpatawo ukakhala wopanda dzina, kope sinditseka.