Madala Oonera Mabasi

Madala a tsidya la msewu wathu kuno ku Toledo ndimawachitira nsanje, sindibisa. Anapuma pantchito yoyendetsa basi ya sukulu, kompyuta saidziwa, koma ligi yathu ya mpira wa ku America, momwe aliyense amasankha osewera enieni n'kumapata mapointi akasewera bwino, aiwina kanayi. Ine ndimatha Ogasiti yense ndikuwerenga manambala. Iwo amangoonera zithunzi za matimu ali m'basi.

Chaka chatha tikusankha osewera m'galaja mwawo, anatenga wowakha mpira wina wosadziwika n'komwe.

"Madala, mwakalamba basi," ndinawaseka. "Ameneyo anawakha kasanu kokha chaka chonse!"

"Mwana iwe, m'basi amakhala mpando umodzi ndi woponya mpira wa timu yawo," anatero. "Ndayang'ana ana pagalasi la basi zaka makumi atatu. Zikavuta, munthu amafunafuna mnzake wa pampando."

Wosewerayo anawakha mipira yoposa makumi asanu ndi atatu. Madala anawina, ine ndinatsekera kumbuyo, ndipo lamulo lathu n'lakuti wotsiriza amatchetcha kapinga wa wopambana chilimwe chonse.

Dzulo ndikutchetcha anafuula ali pakhonde: "Pakonapo wasiya! Kapena manambala ako akuti patha?"

Chaka chino nanenso ndayamba kuonera mabasi mobisa. Ndikungoona anthu atakhala.